Za fedulo: ku Nigeria ndalama za makhonsolo zimatsakamira kwa gavanala

Nkhani ya fedulo, yoti zigawo zikhale ndi maboma awoawo pansi pa boma lalikulu, ikangobuka kuno kwathu anthu amathamangira pa mapu, kuti mpoto padera, pakati padera, kummwera padera, basi mkangano wa zigawo wayambika. Ife a ntchito zowerengera ndalama za boma timayang'ana pena. Timafunsa kuti ndalama ikatuluka m'thumba lalikulu imadutsa m'manja mwa ndani isanakafike pa mjigo wa kumudzi. Ndiye tiyeni tione ku Nigeria, poti anzathuwa fedulo anayiyamba kale mu 1954, asanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira.

Kumeneko maboma alipo magawo atatu. Pali boma lalikulu ku Abuja, pali masiteti 36 ndipo siteti iliyonse ili ndi gavanala wake ndi nyumba yake ya malamulo, kenako pansi pali makhonsolo 774. Ndalama zikuluzikulu, za mafuta, misonkho ya makampani, za kasitomu, amatolera ndi mabungwe a boma lalikulu n'kuziponya m'thumba limodzi lotchedwa Federation Account. Mwezi ndi mwezi komiti yogawa ndalama za m'thumbali, yotchedwa FAAC, imakumana n'kugawa. Boma lalikulu limatenga 52.68 peresenti, masiteti onse pamodzi 26.72, makhonsolo 20.60. Koma asanagawe amayamba achotsa kaye 13 peresenti ya ndalama za mafuta kupatsa masiteti omwe mafutawo amakumbidwa, monga Rivers, Delta, Bayelsa ndi Akwa Ibom.

Papepala zimaoneka bwinotu. Pa naira 5 iliyonse, imodzi ndi kakuti ndi ya makhonsolo, gawo loti khonsolo ya ku Ntchisi kapena ku Chitipa ingangolilota.

Vuto lili pa njira. Malamulo aakulu a dzikolo a 1999, ndime 162, amati ndalama za makhonsolo zizilowa kaye mu akaunti ina ya pa siteti, State Joint Local Government Account, kenako siteti ndiyo izigawira makhonsolo ake. Apa ndi pamene pankafera zinthu. Gavanala amayamba kudula, iyi ndi ya malipiro a aphunzitsi a ku pulayimale, iyi ya penshoni, iyi ya mafumu, iyi ya "mapulojekiti ochitira limodzi" omwe khonsoloyo sinawapemphe n'komwe, ndiye pofika kwa tcheyamani wa khonsolo kwangotsala zolipira antchito basi, ya msewu kapena ya mankhwala palibe. Zina mwa zodulidwazo n'zomveka ndithu, aphunzitsi ayenera kulandira. Koma amene akudula ndi yemweyo amene akusunga mabuku, ndiye mufunsa ndani?

Ndipo tcheyamaniyo sangadandaule chifukwa nthawi zambiri anamuyika pampandopo ndi gavanala yemweyo. Masiteti ambiri ankangothetsa makhonsolo osankhidwa n'kuyikapo makomiti ogwirizira, anthu awoawo. Ngakhale zisankho zikachitika, amayendetsa ndi bungwe la zisankho la sitetiyo osati la dziko lonse lotchedwa INEC, ndiye musadabwe kumva kuti chipani cha gavanala chasesa mipando yonse, olo umodzi wotsala.

Pali kankhani kena kamene ine kamandiseketsa. Bola Tinubu ali gavanala wa Lagos anapanga makhonsolo ena 37 kuwonjezera pa 20 odziwika m'malamulo, pulezidenti wa nthawiyo Olusegun Obasanjo anakwiya n'kutseka ndalama za makhonsolo a Lagos, ndipo mu 2004 khoti lalikulu linati pulezidenti alibe mphamvu yogwira ndalamazo. Nthawi imeneyo Tinubu ankamenyera ufulu wa siteti. Patapita zaka 20, ali pulezidenti, ndi boma lake lomwe linatengera magavanala onse 36 kukhoti kudzera mwa mkulu wa zamalamulo Lateef Fagbemi. Pa 11 July 2024 Supreme Court inagamula kuti ndalama za makhonsolo zizipita kwa eni ake mwachindunji, komanso khonsolo yoyendetsedwa ndi komiti yogwirizira isalandire kanthu.

Anthu anaombera m'manja, masiteti ambiri anachita zisankho za makhonsolo mwaphuma kuti ndalama zisaime. Koma magavanala sanagone. Ku siteti ya Anambra, gavanala Charles Soludo anasayina lamulo chaka chomwecho loti makhonsolo akalandira ndalama zawo azibweza gawo lina ku akaunti ya pa siteti. Ndipo panadutsa miyezi yambirimbiri nkhani yolipira mwachindunjiyo ikungozungulira m'maofesi. Aphunzitsi nawo ena anali ndi mantha, poti amakumbukira zaka zomwe makhonsolo ankagwira okha malipiro awo n'kumatha miyezi osawalipira. Ndiye musaganize kuti ndalama ikangofika ku khonsolo ndiye kuti yafika kwa anthu, tcheyamani nayenso ali ndi mimba, pamafunika ma odita ndi makhansala oti azitha kufunsa.

China chomwe sitimachitchula n'choti masiteti ambiri ku Nigeria sangathe kudzilipirira okha. Lagos imatolera misonkho yakeyake yambiri, koma ambiri enawo amangodikira cheke cha FAAC. Siteti yotere dzina lokha ndiye ndi yodziyimira, mphuno yake ili ku Abuja.

Kwathu kuno tilibe fedulo koma matendawa timawadziwa. Ndondomeko yotsitsa mphamvu ku makhonsolo ya 1998 inati 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera izipita ku makhonsolo, ndipo mpaka lero makhonsolo amadandaulabe kuti zimabwera zochepa komanso mochedwa. Kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala, ma DC ndi aphungu ndiwo ankayendetsa zonse. Ndiye amene akufuna boma la chigawo ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, ine sindikuwatsutsa ayi, mfundo yawo yoti chitukuko chimakondera ili ndi mutu. Koma atiuze kaye, msonkho wa fodya ndi wa pa boda ya Songwe kapena Mwanza azitolera ndani, azigawa ndi fomula yanji, ndipo ya khonsolo ya Likoma izichokera ku Capital Hill mwachindunji kapena iziyamba yagona kaye mu ofesi ya gavanala ku Mzuzu.