Nkhani ya Iran: kuchoka pa 60 kufika pa 90 si patali ayi

Anthu akamva pa wailesi kuti Iran yafikitsa yureniyamu pa 60 peresenti pomwe bomba la nyukiliya limafuna cha m'ma 90, amati aaa ndiye kudakali kutali, phokoso lonseli ndi lachani. Ine fizikisi ndi imene imandidyetsa, tiyeni tiwerengere limodzi.

Thirani nyemba 1000 m'lichero, zofiira 7 zokha, zotsalazo zoyera. Yureniyamu wongokumba pansi, ngati wa ku Kayelekera uja, amakhala choncho, zofiirazo ndiye U-235 imene imaphulika. Ma centrifuge, makina ozungulira mothamanga kwambiri, ntchito yake ndi kupeta basi, kutaya zoyera. Kuti mufike pa 3.67 peresenti, malire omwe Iran inavomera mu mgwirizano wa 2015, mwataya nyemba zoposa 800, m'lichero mwatsala 190. Pa 60 mwatsala 12. Pa 90 mwatsala 8. Mwaona? Thukuta lonse linakhetsedwa koyambirira kuja, kwatsala nkutola nyemba zinayi.

Ndiye ma inspekita a IAEA, bungwe loyang'anira za nyukiliya la ku Vienna lomwe mkulu wake ndi Rafael Grossi, anthu amaganiza ngati ndi apolisi othyola zitseko koma ayi ndithu, ndi ma akauntanti, amayeza masikelo, kumata ma seal, kuika makamera, kupukuta fumbi pamapaipi ndi kansalu nkukatumiza ku labu ya ku Seibersdorf ku Austria. Kansalu komweko ndi kamene kanapeza tizidutswa ta 83.7 peresenti ku fakitale ya yureniyamu ya Iran ya ku Fordow mu 2023, Iran nkumati zinangochitika mwangozi. Koma mwini nyumba akakana kutsegula, amabwerera nkukalemba lipoti, palibenso china.

Trump atatulutsa America mu mgwirizano uja mu 2018, Iran nayo inayamba kudumpha malire pang'onopang'ono, 2021 inafika pa 60 ija, 2022 inazula makamera 27. Ine kuona kwanga, kuzula makamerako kunali koopsa kuposa nambala, chifukwa buku la akauntanti likasowa masamba ngakhale mutabwerako mawa simungalumbire kuti palibe chinatuluka.

Mu June 2025 Israel ndi America anaphulitsa malo a nyukiliya a ku Natanz, Fordow ndi Isfahan, ma inspekita nkuchoka m'dzikomo. Nthawi imeneyo yureniyamu wa 60 peresenti anali atapitirira makilogalamu 400, ndipo IAEA inanena poyera kuti siingathenso kutsimikiza komwe ali.