Banja likatha ku Britain, kodi mapepala amathera pomwepo?

M'magulu a WhatsApp a Amalawi okhala ku Britain mumamveka kawirikawiri zoti ukasudzulana ndi mzika ya dzikolo, mapepala onse amalandidwa, iwe n'kukwezedwa ndege. Si zoona. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amagwiritsa ntchito bodzali poopseza akazi kapena amuna awo kuti asachoke pabanja.

Ngati muli kale ndi chilolezo chokhazikika, chija cha Indefinite Leave to Remain, chisudzulo sichichifafaniza. Chimene chimasintha ndi nthawi yofunsira unzika: amene akadali pabanja ndi mzika amatha kufunsira atangolandira chilolezocho, pomwe wosudzulana amayamba wadikira miyezi 12.

Pamavuta ngati mukadali pa viza ya ukwati, zaka 5 zodikira chilolezo chokhazikika zisanakwane. Apa muyenera kudziwitsa a Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi kukhala m'dzikolo, kuti mwapatukana, ndipo nthawi zambiri vizayo amaidula kuti itsale masiku 60. Komabe njira zilipo. Amene ali ndi mwana yemwe ndi mzika atha kufunsira viza monga kholo. Amene banja lake latha chifukwa cha nkhanza atha kupempha chilolezo chokhazikika osadikira zaka 5 zija. Pamenepa umboni ndi wofunika: sungani makalata a kupolisi, a dokotala, ngakhale mauthenga oopseza a pafoni aja mumafuna kufufuta.