Uthenga wa zaumoyo kwa ofuna kupita ku Hajj podutsa panyanja ndi chombo cha matanga

Kalekale ndege zisanabwere, Asilamu a ku Lamu, Mombasa ndi Zanzibar ankapita ku Makka pa jahazi, chombo chamatabwa chokankhidwa ndi mphepo, cha mtundu wa zija Jumbe ankakhoma ku Nkhotakota. Ankadikira mphepo ya kusi, yomwe imayamba cha mu April, kuti iwakankhire kumpoto. Ochokera kumadzulo kwa Africa ankayenda pansi mpaka ku Suakin, m'dziko la Sudan, n'kuwolokera ku Jeddah. Lero Amalawi amapita pa ndege, koma alipo amene mtima umawakoka kuti alaweko njira ya makolo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, dziwani kuti chovuta chachikulu ndi kufika ku Makka thupi litatheratu madzi, Hajj yeniyeniyo musanaiyambe n'komwe.

Madzi akumwa

Chombo cha matanga chilibe tsiku lofikira. Mphepo ikaleka, nanunso mwaima, dzuwa lili pamutu. Choncho madzi muwerengere masiku oposa amene woyendetsa wakuuzani, malita osachepera 3 patsiku akumwa okha, munthu mmodzi. Asungidwe m'zigubu zotsekeka, muthiremo WaterGuard kapena muwawiritse. Musamatunge ndi kapu yomwera. Kolera amayambira pomwepo. M'chaka cha 1865 kolera anapha mahujaji (anthu a pa Hajj) zikwizikwi ku Makka, ndipo pambuyo pake zombo zinkaimitsidwa pachilumba cha Kamaran, pa Nyanja Yofiira, kuti anthu ayambe apimidwa.

Madzi a Nyanja Yofiira si ngati a nyanja yathu ya Malawi. Ndi amchere kwambiri, ndipo kuwamwa kumangowonjezera ludzu, chifukwa impso zimataya madzi ambiri pochotsa mcherewo. Koma pochita wudhu, kudziyeretsa ndi madzi musanapemphere, ndi oyera. Amalinyero anafunsapo Mtumiki Muhammad (SAW) nkhani yomweyi, kuti amanyamula madzi ochepa ndipo akachitira wudhu avutika ndi ludzu, iye n'kuwalola kugwiritsa ntchito a m'nyanja. Musadzimane madzi akumwa poganiza kuti mukusungira swala.

Mkodzo wanu ndiwo ukuuzeni. Ukakhala wochepa, wachikasu chodera, madzi akuperewera m'thupi. Imwani musanamve ludzu.

Nseru ndi kusanza

Mafunde amadzetsa chizungulire ngakhale kwa munthu wamphamvu. Khalani pakati pa chombo pomwe sipagwedezeka kwambiri, maso muyang'ane kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, ndipo idyani pang'onopang'ono zosanona. Mapiritsi oletsa nseru amagwira bwino mukamwa musanakwere. Wosanza kapena wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS pafupipafupi. Akatha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Odwala shuga, apa ndikupempheni kwambiri. Mukamasanza osadya koma mankhwala n'kumamwabe monga mwa masiku onse, shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka, pakati pa nyanja popanda chipatala. Insulin nayenso amawonongeka akatenthedwa. Kambiranani ndi adokotala musanagule n'komwe ihramu, chovala cha pa Hajj. Chimodzimodzi a BP, a mtima, a impso ndi amayi oyembekezera: kwa ambiri a inu ndege ndiyo njira yoyenera.

Dzuwa

Amuna ali mu ihramu saphimba kumutu, koma ambulera ndi yololedwa, tengani yoyera. Munthu akayamba kulankhula zosokonekera, thupi lili juu, mwina thukuta litasiya, moyo wake uli pachiswe. Mugonekeni pamthunzi, mum'thire madzi thupi lonse, mum'kupize. Ngati sakudzidziwa, musam'mwetse kanthu.

Katemera ndi chilolezo

Boma la Saudi Arabia limafuna chiphaso cha katemera wa matenda oumitsa khosi, wotchedwa ACWY, wobayidwa masiku osachepera 10 musanafike. Lamuloli linakhwima matendawa atabuka pakati pa mahujaji mu 2000 ndi 2001. Ngati njira yanu idzera ku Kenya kapena Sudan, mufunikanso khadi lachikasu la yellow fever. Mutengenso neti, chifukwa m'madoko ambiri a kum'mawa kwa Africa malungo alipo. Mukafika, pewani ngamila ndi mkaka wake wosawiritsa. MERS, matenda a m'mapapo amene anapezeka mu 2012, amatha kuchokera ku ngamila.

Wina akakulonjezani kuti akuwolotsani usiku mopanda viza ya Hajj, kanani. Mu June 2024 kutentha ku Makka kunaposa madigiri 51, ndipo anthu 1,301 anamwalira. Akuluakulu a zaumoyo kumeneko anati 83 mwa 100 alionse anali opanda chilolezo, anthu amene anayenda mitunda italiitali padzuwa popanda tenti kapena basi. Ngati mwatsimikiza za matanga, yendani nawo gawo lalifupi la m'mbali mwa gombe, pa chombo cholembetsedwa, chosapyola muyeso wa anthu, chokhala ndi jekete yoyandamitsa ya aliyense ndi wailesi yoitanira thandizo. Gawo lotsalalo mulowere pakhomo lovomerezeka, ndipo mupume masiku angapo musanayambe twawafu, mwambo wozungulira Kaaba.