Katemera wa rotavirus ndi kutsegula m'mimba kwa ana: mafunso ndi mayankho

Mwana akutsegula m'mimba, kodi si mano akumera?

Ayi. Mano amangomera pa msinkhu umene mwana amakwawa n'kumaika chilichonse m'kamwa. Nthawi zambiri gwero la kutsegula m'mimba ndi mavairasi: rotavirus, norovirus, adenovirus kapena astrovirus. Woopsa kwambiri kwa makanda ndi rotavirus, amene amachuluka nyengo yozizira. Mwana amayamba ndi kusanza ndi kutentha thupi, kenako chimbudzi chamadzimadzi kwa masiku atatu mpaka asanu ndi atatu.

Katemera amaperekedwa liti?

Zambia inayamba kupereka katemerayu dziko lonse mu 2013. Ndi wodontheza m'kamwa, ndipo ndi waulere m'makiliniki aboma, kaya ku Chipata, Katete kapena Lundazi. Woyamba mwana amalandira akakwana masabata 6, wotsatira pakapita masabata anayi. Tsatirani masiku olembedwa pa khadi la kusikelo mpaka anesi atanena kuti wamaliza. Kuchedwa n'koopsa, chifukwa matendawa amagwetsa kwambiri ana osakwana chaka.

Wolandira katemera angadwalebe?

Inde, koma kawirikawiri sadwala modetsa nkhawa.

Nanga mankhwala ake?

Flagyl ndi maantibayotiki ena sapha vairasi; musataye ndalama. Chimene chimapha mwana ndi kutha madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya ORS (mchere ndi shuga zobwezeretsa madzi m'thupi) m'madzi aukhondo okwana muyeso wolembedwa papaketipo. Madzi osungunulirawo akachepa, mchere umachuluka n'kumuvulaza mwana. Wosakwana zaka ziwiri mum'mwetse mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, wamkulupo 100 mpaka 200. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi sipuni. Madzi a ORS otsala atayeni pakatha maola 24.

Mwana apatsidwenso mankhwala a zinc tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14: mamiligalamu 20, koma theka lake kwa wosakwana miyezi 6. Ambiri amasiya kupereka zinc mwana akangoyamba kusewera, pomwe masiku otsalawo ndiwo amamuteteza miyezi ikubwerayo. Bere ndi phala musamumane.

Liwombo likalowa tichite chiyani?

Kumata mankhwala pamutu sikuthandiza. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi. Thamangani naye kuchipatala, mukum'mwetsa ORS m'njira. Chitaninso chimodzimodzi maso akalowa m'kati, akalefuka, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, khungu la pamimba likamachedwa kubwerera mukalitsina, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi.