Agogo akayamba kusokonezeka mutu si ufiti, pitani nawo kuchipatala

Anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi madera ena a mu Blantyre muno, mphekesera ija yayambanso. Gogo akapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, ali ndi chitenje chokha, osadziwa kwawo, anthu akuthamangira kunena kuti wagwa m'lichero. Ife azaumoyo tikukupemphani: ameneyo ndi wodwala. M'fundeni nsalu, musamugende.

Zoyambitsa n'zodziwika: ukalamba, BP yokwera imene yatha zaka osamwera mankhwala, shuga, sitiroko, mowa. Matenda oiwalaiwala, amene madokotala amati dementia, amabwera pang'onopang'ono. Agogo amateleka mphika n'kuuiwala mpaka kupserera. Amafunsa chinthu chimodzi kasanu. Mdzukulu amamuitana dzina la mwana wawo amene anamwalira kalekale. Usiku tulo tikasowa amatsegula chitseko, ati akupita kumudzi. Ukawafunsa kuti "ndinu mfiti?" akhoza kuvomera, chifukwa funsolo sakulimva n'komwe. Kuvomera kumeneko si umboni.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri n'kuchedwa. Ngati dzulo anali bwinobwino koma lero akubwebweta, mwina ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wasokonekera, ndipo zimenezi zimachizika akafika msanga. Pakamwa pakapotoka, mkono n'kufooka, mawu osamveka, imeneyo ndi sitiroko. Palibe amene wawamenya hamala. Pitani nawo kuchipatala chachikulu cha Gulupu tsiku lomwelo. Masiku atatu amene mumataya pofufuza wowalodza ndi amene amatilanda odwala.

Kumbukirani za ku Neno mu Januwale 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana atafa ndi mphenzi. Zinayamba ndi mawu a pakamwa. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero akhoza kumangidwa.

Ngakhale osagendedwa, gogo amene adzukulu amuthawa amasiya kudya, amangokhala chete kuseri kwa nyumba, misozi ili mbwembwembwe. Kukhumudwa kotere nakonso ndi matenda, ndipo kuchipatala thandizo lilipo. Idyani nawo mbale imodzi. Aperekezeni kutchalitchi kapena kumzikiti. Akalakwitsa dzina musawakalipire.

Kayezetseni BP yawo kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, ndipo mankhwala asadukize. Uzani amfumu ndi anansi za matendawa kusanachitike kanthu. M'thumba la chovala chawo musokeremo kapepala kokhala ndi dzina lawo ndi nambala yanu ya foni.