Makapu atatu a Man U mu 1999 ndi mkangano wawo ndi a City

Chiyambire usiku wa pa 10 Juni 2023 pomwe Rodri wa Man City anagwedeza ukonde wa Inter Milan mu fainolo ya Champions League ku Istanbul, masapota a Man City ndi a Man U sakumwetsana madzi pa nkhani ya treble, uyu akuti yathu ndiye yeniyeni, uyo akuti yanu ija inali yamwayi chabe, ndipo ukayang'ana bwinobwino amene amalalata kwambiri m'magulu a WhatsApp ena mwa iwo mu 1999 anali asanabadwe n'komwe, anangoonera ka kilipu ka Solskjaer akuseleleka ndi mawondo basi. Ndiye tiyeni tiyambire poyambira, chifukwa sizoni ya Man U ya 1998/99 siinali ya mphindi zitatu za ku Barcelona zokha.

Treble imene anthu amakanganirana ndi kutenga ligi, FA Cup ndi Champions League mu sizoni imodzi. A Liverpool amakonda kulowererapo ndi 1984 yawo, koma chikho chapakhomo chomwe anatenga chaka chimenecho chinali League Cup, ndiye aziyamba adikira panja. Ku England anachitapo zimenezi ndi matimu awiri okha, onse a mzinda umodzi wa Manchester.

Man U inalowa sizoni ya 1998/99 ili ndi mabala. Chaka chapambuyo inatuluka chimanjamanja, Arsenal ya Arsène Wenger inasesa ligi ndi FA Cup, Cantona anali atasiya mpira mu 1997, kaputeni Roy Keane anakhala panja pafupifupi sizoni yonse atavulala bondo ku Leeds polimbirana mpira ndi Alf-Inge Haaland, eya bambo ake a Erling Haaland yemweyu. Kenako Beckham anapatsidwa khadi yofiira ku World Cup ya 1998 atamenya kachidendene Simeone wa Argentina, England yonse inamuda mnyamatayu moti bwalo lililonse lomwe wapita amangomukuwiza. Kochi Alex Ferguson anapita pa msika, anagula Jaap Stam ku PSV, Dwight Yorke ku Aston Villa pa mapaundi 12.6 miliyoni ndi Jesper Blomqvist ku Parma. Panalinso zoti Solskjaer agulitsidwe ku Tottenham, matimu anali atagwirizana kale koma mwini wakeyo anakana, anasankha kumakhala pa benchi ku Old Trafford. Muikumbukire imeneyo.

Chiyambi sichinali chokoma ayi. Arsenal inawakwapula 3-0 mu Charity Shield, mu Seputembala inawabwerezanso 3-0 yomweyo ku Highbury mu ligi, Sheffield Wednesday nayo inawathira 3-1, Tottenham inawatulutsa mu League Cup, wachiwiri kwa kochi Brian Kidd anachoka kupita kukaphunzitsa Blackburn, ndipo pa 19 Disembala Middlesbrough inabwera pa Old Trafford pomwepo n'kuwina 3-2. Koma imeneyo ndiye inali gemu yomaliza kuluza, kuchokera apo anasewera magemu 33 m'mipikisano yonse osagonjanso. Steve McClaren analowa m'malo mwa Kidd mu Febuluwale ndipo gemu yake yoyamba anakaswa Nottingham Forest 8-1 pa bwalo la Forest pomwepo, Solskjaer analowa mochedwa kuchokera pa benchi n'kumwetsa zinayi yekha.

Chomwe anthu a masiku ano sachimvetsa ndi choti timu imeneyi siinkapondereza anzake ngati mmene City ya Guardiola inkachitira mu 2023, inkangokana kufa. Tengani FA Cup. Mu Januwale Liverpool inatsogola ndi chigoli cha Michael Owen pa mphindi 3 zokha ndipo inagwira chigolicho mpaka mphindi ya 88, masapota ake ali kale pa chikondwerero, Yorke wabweza, asanapume n'komwe Solskjaer waika chachiwiri. Chelsea anachita kubwereza gemu atalepherana 0-0, n'kukawina 2-0 ku Stamford Bridge.

Koma gemu imene ine ndimati ndi mtima wa sizoni yonse ndi semifainolo yachibwereza ndi Arsenal pa Villa Park pa 14 Epulo, ndipo inali yomaliza m'mbiri ya FA Cup kuti semifainolo ibwerezedwe. Beckham anaponya chakutali chinalowa, Bergkamp anabweza m'chigawo chachiwiri, Anelka anamwetsa china koma anachikana kuti ofusayidi, Keane analandira yachikasu yachiwiri n'kutuluka, Man U yatsala ndi anthu 10. Nthawi itatha kale Phil Neville anagwetsa Ray Parlour m'bokosi, penate. Apa ganizani, Bergkamp akanangomwetsa, lero palibe amene akanamakamba za treble ya 1999, mwinanso Arsenal ikanatenga mphamvu n'kusesanso ligi. Goloboyi Schmeichel anadumphira kumanzere kwake n'kuukankha. Mu nthawi yoonjezera Vieira, munthu amene sankataya mpira wamba, anapereka pasi yaulesi pakati pa bwalo, Giggs anaitola ali m'chigawo chakwawo, anayamba kuthamanga akuwapinda ma difenda a Arsenal mmodzimmodzi, a Dixon, a Keown onse akungoterereka, Adams anafika mochedwa, mpira unakalowa kudenga kwa ukonde Seaman manja ali m'mwamba. Zovula jezi n'kumaizunguza chifuwa chaubweya chili pamtunda zija zinachokera pamenepo.

Patangotha sabata imodzi anali ku Turin kukasewera ndi Juventus mu semifainolo ya Champions League. Ulendo wa ku Ulaya nawo unali wokhotakhota, poti iwo sanali akatswiri a ligi anayambira mu ndime yachipulula ndi ŁKS Łódź ya ku Poland, kenako anagwera m'gulu limodzi ndi Bayern Munich, Barcelona ndi Brøndby. Ndi Barcelona 3-3 kawiri konse, ndi Bayern 2-2 ndi 1-1, Brøndby yokha ndiye inalipira machimo a onse, 6-2 ndi 5-0. Inter Milan anaichotsa ndi mitu iwiri ya Yorke pa makrosi a Beckham, Simeone uja ali m'bwalo momwemo. Ndiye Juventus ya Zidane, Davids ndi Deschamps inabwera ku Old Trafford n'kuwavutitsa koopsa, Giggs anachita kupulumutsa 1-1 kumapeto. Ku Turin mphindi 11 zokha Inzaghi anali atamwetsa ziwiri. Keane anadumpha pa kona ya Beckham n'kubweza chimodzi ndi mutu, posakhalitsa anachita fawulo pa Zidane n'kulandira khadi imene inatanthauza kuti fainolo saisewera ngakhale timu itadutsa, koma m'malo mofooka munthuyu ndiye anachita kulusa kuthamanga bwalo lonse. Yorke anafananitsa asanakapume, Andy Cole anamaliza nkhani, 3-2. Scholes nayenso anaona yachikasu, fainolo yamudutsa.

Zonse zinakathera m'masiku 11 a mwezi wa Meyi. Mu ligi Arsenal inali pakhosi mpaka inakapunthwa ku Leeds ndi chigoli cha Hasselbaink, Man U n'kukalepherana 0-0 ndi Blackburn, zomwe zinatsitsa timu ya Kidd yemwe uja. Tsiku lomaliza pa 16 Meyi kunabwera Tottenham, adani a Arsenal, moti masapota ena a Spurs sankafuna n'komwe kuti timu yawo iwine, koma Les Ferdinand anamwetsabe. Beckham anabweza, Cole analowa pa hafu taimu n'kuunyamulira goloboyi pamwamba, 2-1. Mapointi 79, Arsenal 78. Imodzi yokha. Fainolo ya FA Cup pa 22 Meyi ku Wembley ndiye inali yophwekako, Keane anavulala koyambirira, Sheringham analowa n'kumwetsa nthawi yomweyo, Scholes anaonjezera, Newcastle 2-0 nkhani yatha.

Pa 26 Meyi mu fainolo ya Champions League ndi Bayern Munich ku Camp Nou ku Barcelona, tinene zoona, Man U inasewera zosaoneka bwino. Popanda Keane ndi Scholes, Ferguson anaika Beckham pakati ndi Nicky Butt, Giggs kumanja komwe si kwake, Blomqvist kumanzere, timu yonse inangokhala ngati yavala nsapato zobwereka. Mario Basler anamwetsa firikiki pa mphindi 6, m'chigawo chachiwiri Scholl anaunyamula mpira n'kugunda mtengo wa golo kubwerera m'manja mwa Schmeichel, Jancker anamenya chagada n'kugunda mtengo wapamwamba. Bayern ikanatha kuwina 3-0 popanda wodandaula. Lothar Matthäus anamutulutsa kutatsala mphindi 10 akuoneka kuti ntchito wamaliza. Sheringham anali atalowa kale, Solskjaer analowa pa 81. Refa Pierluigi Collina anaonjezera mphindi zitatu. Kona yoyamba ya Beckham, Schmeichel anasiya golo lake kuthamangira kutsogolo, mpira sunachotsedwe bwino, Giggs anaumenya mofooka ndi mwendo wamanja, Sheringham anangoukhotetsera muukonde. Kona yachiwiri Beckham yemweyo, Sheringham anaugunda ndi mutu, Solskjaer anatambasula mwendo, basi. Samuel Kuffour wa ku Ghana anagwa pansi akumenya nthaka ndi chibakera akulira, Collina anachita kumawadzutsa osewera a Bayern kuti amalize masekondi otsalawo. Chikho anakweza ndi Schmeichel mu gemu yake yomaliza ku timuyi, patadutsa zaka 31 chitengereni mu 1968, ndipo tsikulo Matt Busby, kochi amene anachitenga mu 1968, akanakhala moyo akanakwanitsa zaka 90. Bayern nayo inali pa ulendo wa treble yakeyake, koma itachoka apo inakaluzanso fainolo ya chikho cha kwawo kwa Werder Bremen pa mapenate.

Tsono a City anali kuti nthawi imeneyo? Apa ndi pomwe a Man U amasekera. Patangopita masiku anayi, pa 30 Meyi, City inali ku Wembley kumenyera kutuluka mu divishoni yachitatu ndi Gillingham, inali kumbuyo 2-0 nthawi ikutha, Kevin Horlock anabweza chimodzi, Paul Dickov n'kufananitsa pa mphindi ya 95, n'kudzawina pa mapenate. Sabata imodzi, mzinda umodzi, zozizwitsa ziwiri zofanana, kungoti china dziko lonse linaonera china ayi. Ndalama za Sheikh Mansour wa ku Abu Dhabi zinadzabwera mu 2008.

Mfundo za a City ndi manambala, ndipo sakunama. Mu 2022/23 anapeza mapointi 89, khumi kuposa a 1999, ligi anaitenga kutatsala magemu atatu, Haaland anamwetsa 36 mu ligi ndi 52 zonse pamodzi pomwe Yorke anali ndi 29, Real Madrid anaisambitsa 4-0, Bayern 3-0, ndipo fainolo ya FA Cup anagonjetsa Man U yeniyeniyo 2-1, Gündoğan atamwetsa pa masekondi 12. Amanenanso kuti kuchotsa ndime yachipulula ija Man U inawina magemu asanu okha mwa 11 mu Champions League, enawo inangofanana mphamvu. A Man U amayankha kuti theka la timu yawo linali ana oleredwa pakhomo, Giggs, Beckham, Scholes, Butt ndi ana awiri a kwa Neville, osati ogula, kenako amatulutsa nkhani ya milandu yoposa 100 ya zachuma imene Premier League inatsegulira City mu Febuluwale 2023, yomwe eni akewo anaikana.

Pa nkhani ya ndalama a Man U asamadzionetse ngati amphawi, mu 1998 iwowo ndiwo anali mabwana a chuma ku England, BSkyB ya Rupert Murdoch inafuna kuigula timuyi pa mapaundi 623 miliyoni mpaka boma la Britain linachita kuletsa mu Epulo 1999, ndipo Stam ndi Yorke sanabwere ndi mapemphero. Ine mukandifunsa kuti matimu awiriwa atakumana angawine ndani ndinena City, mwina mosavuta n'komwe. Koma mukandifunsa sizoni yoti ndikhale pansi ndionerenso kuyambira Januwale mpaka Meyi ndisankha ya 1999, chifukwa ya City gemu imene mtima unagunda kwenikweni ndi ya Inter yokha pomwe Lukaku anamenyetsa mutu wake pa mwendo wa Ederson ali pafupi ndi golo, pomwe ya Man U ikanathera kwa Owen, ikanathera pa penate ya Bergkamp, ikanathera kwa Inzaghi, kwa Ferdinand ngakhale pa mitengo iwiri ija ya ku Camp Nou.