Asilikali a m'thupi akaukira minyewa mu ubongo

Minyewa ya mu ubongo ndi mumsana imakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga waya wamagetsi alili ndi pulasitiki kunja kwake. Chikutirochi chikakhala bwino, uthenga umatha kuthamanga mamita 100 pa sekondi imodzi. Pa matenda a multiple sclerosis, chitetezo cha m'thupi chimasenda chikutirochi.

Amene amayamba nkhondoyi ndi maselo a T, gulu la asilikali a chitetezo cha m'thupi, kuphatikizapo a CD4 aja ambiri tinawadziwira pa nkhani ya HIV. Ubongo uli ndi mpanda woletsa maselo a m'magazi kulowa mwachisawawa, koma selo la T lolusa lili ndi kangowe kotchedwa VLA-4. Limakola nako khoma la mtsempha wamagazi, n'kudzipanikiza mpaka kulowa. Likafika mkati limatulutsa timauthenga monga interferon gamma ndi IL-17, toitana maselo odya tizilombo otchedwa macrophage ndi kudzutsa a microglia, alonda a mu ubongo momwemo. Amenewa ndiwo amadya myelin, ndipo maselo a oligodendrocyte, omwe amapanga myelin, amafa nawo.

Mankhwala a natalizumab amatseka kangowe kaja kuti maselo a T asalowe mu ubongo. Amathandizadi, koma ubongo ukasowa oulondera, kachilombo ka JC kamatha kudzuka n'kuyambitsa matenda ena oopsa a mu ubongo otchedwa PML. Maselo a B, gulu lina la asilikali a m'thupi, nawonso ali ndi mlandu waukulu: ndiwo amasonkhezera maselo a T, ndipo mankhwala a ocrelizumab, ovomerezedwa ku America mu 2017, amachepetsa kwambiri kubuka kwa multiple sclerosis pochotsa maselo a B m'magazi.

Chovuta kwambiri, chimene mankhwalawa sachifikira mokwanira, ndi moto wa kunsi kwa phulusa: kuwonongeka kwa minyewa pang'onopang'ono. Mnyewa wosendedwa umachulukitsa timakomo tolowera mchere wa sodium kuti uthenga uzidutsabe, ngakhale mochedwa. N'chifukwa chake wodwala akasamba madzi otentha kapena akayenda padzuwa, maso amachita chidima kwa kanthawi: kutentha pang'ono kumaimitsa uthenga wofooka kalewo. Kupopera kunja sodium yemwe walowa kumafuna mphamvu zambiri, pamene ma mitochondria, opanga mphamvuzo, avulazidwa kale ndi nitric oxide wochokera kwa microglia. Sodium akaunjikana, calcium amathamangira mkati n'kudzutsa timapuloteni totchedwa ma enzyme todula mnyewa weniweniwo.

Myelin amatha kumeranso, ngakhale wopyapyala. Mnyewa wa mu ubongo ukaduka sumeranso, ndiye chifukwa chake madokotala amafuna kuyamba mankhwala munthu akadali kuyenda bwinobwino.